Mmene mphunzitsi wa masamu ndi sayansi angakonzekere mestrado ali kuno ku Tete

Ndikulankhula ndi inu aphunzitsi anzanga a masamu, fiziki, kemisitiri ndi bayoloji amene muli kale ndi licenciatura, mukugwira choko ku Ulónguè, ku Tsangano, ku Furancungo, ku Zóbuè kapena ku Moatize, ndipo mtima wayamba kukunong'onezani zobwerera kusukulu. Ine ndimaphunzitsa fiziki kuno ku Angónia ndipo njira imeneyi ndinayendamo. Langizo langa lalikulu ndi loti musankhe mestrado (digiri yachiwiri, yotsatira licenciatura) imene ikubwezereni mkati mwa phunziro lanu lenileni. Anzathu ambiri amathamangira ya kayendetsedwe ka sukulu chifukwa ili pafupi komanso ilibe masamu ovuta. Kwa amene akufuna udayilekitala palibe cholakwika. Koma mwana wa kalasi 12 akadzakufunsani chifukwa chimene derivada ya seno imakhalira coseno, digiri ya utsogoleri siidzakuyankhirani.

Musanayang'ane yunivesite iliyonse, dziyeseni nokha. Tengani mayeso a boma a kalasi 12 a zaka zapitazi, mukhale pa tebulo Loweruka m'mawa, buku litatsekedwa, foni ili kutali, muwalembe mu nthawi yomweyo imene ana amapatsidwa. Paliponse pamene mwayankha chifukwa choloweza njira koma simungafotokoze chifukwa chake, ikani chizindikiro. Kenaka muonjezerepo mitu ija mumaikankhira kumapeto kwa chaka n'cholinga choti nthawi ithe musanaifike. Aliyense wa ife ali nayo: wina ndi logaritmo, wina ndi equilíbrio químico, wina ndi genética. Pepala limenelo ndi limene mudzayezere nalo maphunziro aliwonse amene mungawaone akulengezedwa.

Malo ophunzirira alipo angapo. Mu 2019 boma linagawa Universidade Pedagógica kukhala mayunivesite asanu, ndipo ife a ku Tete ndi a ku Manica tinagwera ku UniPúnguè, imene likulu lake lili ku Chimoio ndipo ili ndi nthambi mumzinda wa Tete. Ku Maputo kuli UP-Maputo komanso Universidade Eduardo Mondlane, kumene Faculdade de Educação yakhala ikuphunzitsa mestrado ya kaphunzitsidwe ka sayansi ndi masamu. UniZambeze ili ndi sukulu ya zaulimi pompano pa Ulónguè, ndipo aphunzitsi a bayoloji ndi kemisitiri musaipeputse: ngakhale musalembetse kumeneko, kuli anthu odziwa za nthaka, mbewu ndi kusanthula manambala amene angakuthandizeni pa kafukufuku. Palinso maphunziro a patali a Universidade Católica ndi a UnISCED, onse a ku Beira. Si chaka chilichonse pamene kosi iliyonse imatsegulidwa, choncho chimene muyenera kudalira ndi edital, chilengezo cholembedwa cha yunivesite, ya chaka chimenecho, osati zimene mnzanu anamva pa WhatsApp.

Mukapeza edital, pemphaninso plano curricular, mndandanda wa mamojulo a kosiyo. Werengani mamojulo amodziamodzi, muwagawe pawiri: a phunziro lenileni, monga análise, álgebra, mecânica kapena química orgânica, ndi a kaphunzitsidwe ndi kafukufuku. Onse ndi ofunika, koma ngati mbali yoyambayo ilibe kanthu, kosi imeneyo sikhudza pepala lanu lija. Funsani amene adzaphunzitse, ngati ali ndi doutoramento pa phunzirolo, komanso ngati ophunzira amalowa mu labotale kapena zonse zimathera pa PowerPoint. Funsaninso ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi CNAQ, bungwe loona za ubwino wa maphunziro apamwamba. Ndipo ngati mukuganiza zodutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè kukaphunzira ku Zomba kapena ku Mzuzu, dziwiranitu kuti pobwera mudzafunika equivalência, chikalata chovomereza digiri ya kunja, kuti satifiketi yanu igwire ntchito m'boma la kuno.

Za mapepala sinditalikitsa, koma yambani msanga. Satifiketi ya licenciatura yoonetsa magiredi a phunziro lililonse, makope otsimikizidwa kwa notário, BI yosatha ntchito, NUIT, CV, makalata okuchitirani umboni ochokera kwa amene anakuphunzitsani, ndi kalata yanu yofotokoza chifukwa chimene mukufunira kosiyo. Malo ambiri amafuna média ya 14 pa 20 pa licenciatura yanu, ngakhale ena amaganizira zaka zimene mwaphunzitsa ngati yanu ili yotsikirapo pang'ono. M'kalata yanu ija musalembe zoti mukufuna kutukula dziko, poti aliyense amalemba zomwezo. Tchulani mutu umene ana anu amagwa nawo chaka ndi chaka, ndi zimene mwayesa kale.

Chilolezo cha kuntchito ndiye chimene chimagwetsa anthu. Ndinu wantchito wa boma, ndipo kukaphunzira kumafuna requerimento yodutsa kwa adayilekitala a sukulu mpaka ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya distrito. Musakhutire ndi mawu a pakamwa oti "pitani, tiona mmene tichitire". Dikirani despacho, yankho lolembedwa la akuluakulu, muijambulitse, kope lina musunge kunyumba. Adayilekitala amasinthidwa, ndipo wobwerayo adzangoona mafalta m'buku. Kambiranani ndi a pedagógico, achiwiri kwa adayilekitala oona za kaphunzitsidwe, chaka chisanayambe, horário isanapachikidwe, kuti maola anu asonkhanitsidwe pa masiku ochepa. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi ulendo wa makilomita opitirira 200, ndipo munthu wotsika chapa madzulo atapsa ndi dzuwa la ku Moatize sangalowe m'kalasi ya cálculo mutu uli bwino. Ngati maphunziro ali a mamojulo a sabata imodzi kapena ziwiri, pezeranitu mnzanu wa gulu lanu la phunziro woti muzisinthana naye makalasi, ndipo ngongole ya maola ake muzibweza mokhulupirika.

Pakati pa kulembetsa ndi kuyamba pamakhala miyezi ingapo, ndipo miyezi imeneyi ndi imene imasiyanitsa omaliza ndi osiyira panjira. Bwererani ku cálculo, álgebra linear ndi estatística, ngakhale mukhale wa bayoloji, chifukwa kafukufuku wanu adzafuna manambala. Dzukani mbandakucha, ola limodzi tsiku lililonse, pensulo ili m'manja. Kungowerenga chitsanzo chochitidwa kale n'kumagwedeza mutu kumanyenga; tsekani bukulo muchite nokha. Ikani GeoGebra, pulogalamu yojambulira masamu, pa foni kapena pa kompyuta. Mukafika pamene netiweki ili bwino, koperani zoyeserera za PhET za ku University of Colorado, zimene zilipo m'Chipwitikizi ndipo zimagwira ntchito popanda intaneti. Chingerezi chowerenga chikonzeninso, pakuti nkhani zambiri za kafukufuku zimalembedwa m'chinenero chimenecho. Ife a m'malire tili ndi mwayi apa, poti makutu athu anachizolowera kale pa wailesi ndi pamsika wa ku Lizulu kapena ku Dedza.

Amene masamu anu ali akuthwa ndipo Chingerezi chikuyenda, yesani AIMS, sukulu ya masamu imene Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, ndipo pano ilinso ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Osankhidwa amalipiriridwa zonse, koma mpikisano ndi waukulu ndipo mumasiya banja pafupifupi chaka chathunthu. Dziko la Brazil lili ndi PEC-PG, yothandiza ophunzira a mayiko ngati lathu pa mestrado ndi doutoramento, ndipo kumeneko chinenero si vuto. Za mabolsa a boma muziyang'ana zolengeza za Instituto de Bolsas de Estudo. Ngati mudzilipirira nokha, werengerani propina ya miyezi yonse, thiransipoti, malo ogona, megabayiti ndi ndalama ya defesa (kuteteza kafukufuku wanu pamaso pa oyesa) musanalipire matrícula. Ine inandithandiza ndi chipereganyu cha aphunzitsi anzanga pamodzi ndi munda wa mbatata ya kachewere. Katapila musamuyandikire. Akunyumba akhale nawo pa kuwerengera kumeneku, chifukwa zaka ziwiri za kuchepa kwa ndiwo zimawakhudza iwonso.

Mutu wa dissertação, kafukufuku wolemba womalizira mestrado, ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Musapite kutali kukausaka, Tete ndi wodzaza ndi sayansi. Ku Songo kuli damu la Cahora Bassa, la makina asanu opanga magetsi okwana 2,075 MW onse pamodzi, ndipo magetsi ambiri amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku siteshoni ya Apollo ku South Africa ali corrente contínua pa 533 kV. Funsani ana a kalasi 11 chifukwa chimene voltagem imakwezedwera choncho. Ambiri aloweza P = I²R koma saona kuti kukweza voltagem kumachepetsa corrente, ndipo corrente ikachepa ndi theka, mphamvu yotayika ngati kutentha m'mawaya imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kufufuza pamene maganizo a mwana amathyokera pa mfundo imeneyi ndi dissertação yokwanira. Wa masamu ajambule zingwe za mlatho wa Samora Machel wa mumzinda wa Tete, aike chithunzicho mu GeoGebra, aone ngati zikutsata parábola kapena catenária, ndipo afotokoze chifukwa chimene chingwe chonyamula msewu chimapindika mosiyana ndi tcheni chongolendewera chokha. Paulus Gerdes, amene anakhalapo mkulu wa Universidade Pedagógica ndipo anamwalira mu 2014, anathera moyo wake akuonetsa masamu amene ali m'madengu ndi m'mphasa za anthu a ku Mozambique. Malichero ndi nkhokwe za kwathu kuno zikudikirabe wozilemba.

Kwa akemisitiri opanda labotale, nachi chimene ndinaona chikugwira ntchito. Wiritsani chidede chouma mpaka madzi afiire, musefe ndi kansalu, mugawe m'matambula atatu oonekera. M'loyamba finyiranimo ndimu: madziwo amawala, kufiira kwake kumakhala kowala ngati kwa tomato wakupsa. Lachiwiri lisiyeni. M'lachitatu donthezeranimo chidulo, chomwe chija amayi amacheza ndi phulusa la zitsononkho pophika therere, ndipo mtundu umada n'kupendekera ku wobiriwira. Ana amene amangoti ácido ndi base ngati nyimbo amayamba kubweretsa okha sopo, thobwa ndi madzi a pachitsime kuti ayese. Chimene mestrado imawonjezera ndi chakuti inu mudziwe mmene antocianina imasinthira kapangidwe kake pH ikasintha, chifukwa chimene phulusa limatulutsira carbonato de potássio, ndi mmene mungayezere moona mtima ngati kalasi imene inagwira matambula yamvetsa kuposa imene inangokopera pa bolodi.

Posankha supervisor, funsani ophunzira ake akale ngati amayankha mauthenga ndi kubweza zolemba. Mgwirizane naye masiku otumizira chaputala chilichonse, ndipo muzitumiza ngakhale chisanakome. Pemphani credencial, kalata yokudziwitsani yochokera ku yunivesite, musanayambe kufunsa ana kapena aphunzitsi pa sukulu iliyonse, ndipo mayina a ana musawalembe mu dissertação. Zolemba zanu zisungeni pa flash komanso pa imelo. Mukateteza n'kulandira satifiketi, kaperekeni kope lotsimikizidwa ku Recursos Humanos ku SDEJT kuti lilowe mu processo yanu, mufunse komweko zimene malamulo a nthawi imeneyo akunena pa kusintha kwa carreira, ndipo mupemphe wotsogolera gulu lanu la phunziro akupatseni ola limodzi pa msonkhano wotsatira wa planificação kuti muchite phunziro lanu lija pamaso pa anzanu, matambula ali patebulo.