Excess yokwera kapena yotsika: mmene mungasankhire pa inshuwalansi ya galimoto

Excess ndi ndalama imene mwini galimoto amatulutsa m'thumba mwake ngozi ikachitika, kenaka kampani ya inshuwalansi n'kulipira zotsalazo. Nkhaniyi imakhudza kwambiri inshuwalansi ya comprehensive, imene imakonzetsanso galimoto yanu. Third party, yomwe lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale nayo, imalipira anthu amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, koma yanuyo mumakonzetsa nokha.

Excess ikakwera, premium, ndalama imene mumalipira kampani ya inshuwalansi pachaka, imatsika. Ikatsika, premium imakwera. Ambiri amakopeka ndi premium yotsikayo n'kusaina, osadzifunsa kuti galimoto itagundidwa mawa angapeze ndalama zingati sabata yomweyo osapita kukatapila. Yambirani pamenepo. Nthawi zambiri kugaraja salola galimoto kutuluka excess isanalipidwe, ndiye excess imene simungaikwanitse imasiya galimoto yokonzedwa kale ikungokhala pamenepo inu mukuyenda pa minibasi.

Mukadziwa malire anu, pemphani kampani kapena broker (mkhalapakati wa inu ndi kampani ya inshuwalansi) akulembereni mitengo iwiri ya galimoto yomweyo. Tiyerekeze kuti woyamba ndi premium ya K900,000 ndi excess ya K200,000, wachiwiri ndi premium ya K810,000 ndi excess ya K500,000. Wachiwiriwo ukukupulumutsirani K90,000 pachaka, koma ngozi ikagwa muonjezera K300,000. Gawani K300,000 ndi K90,000: zikupitirira pang'ono zaka zitatu. Kutanthauza kuti muyenera kuyenda zaka zoposa zitatu osapanga claim (pempho loti kampani ilipire zoonongeka) kuti mupindule. Yankho likafika zaka zisanu kapena kuposa, excess yokwerayo isiyeni, phindu lake ndi lochepa.

Werengani bwino mmene excess yalembedwera, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira. Makampani ena saika ndalama yokhazikika, amaika peresenti ya ndalama zokonzera, pamodzi ndi ndalama yochepetsetsa imene simungatsike nayo. Ngati polise (chikalata cha mgwirizano wa inshuwalansi) ikuti 10 peresenti koma osachepera K250,000, kuonongeka kwa K1,500,000 mulipira K250,000, pamene kwa K6,000,000 mulipira K600,000. Komanso ma excess amatha kuunjikana: dalaivala wosakwana zaka 25, kapena amene wangotenga kumene laisensi, kawirikawiri amakhala ndi excess yake yoonjezera pamwamba pa yanthawi zonse. Kubedwa kwa galimoto ndi kusweka kwa galasi lakutsogolo zimathanso kukhala ndi excess yakeyake. Funsani zonsezi musanasaine, makamaka ngati mwana wanu amayendetsako galimotoyo.

Kumbukiraninso kuti kuonongeka kulikonse kosafika pa excess ndi kwanu kwathunthu. Bampala yosweka, nyale yophwanyika, chitseko chokalidwa ndi njinga yamoto ya kabaza: ndi excess ya K500,000 zonsezi muzikonzetsa nokha. Ngakhale zitapitirira pang'ono, claim yaing'ono ingakutayitseni kuchotsera pa premium kumene makampani amapereka kwa amene sanapange claim chaka chathacho, choncho yerekezani kaye ziwirizi.

Amene amayenda tsiku lililonse m'chipwirikiti cha mu Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe, kapena amayenda usiku mu msewu wa M1, excess yotsika ndiyo yomuyenera. Chimodzimodzi amene galimoto yake ndi ya ngongole ya kubanki, popeza kubweza ngongole sikuima galimoto ikakhala kugaraja. Excess yokwera ndi ya munthu amene amayendetsa mwa apo ndi apo, amaigoneka mumpanda, ndipo ali ndi ndalama yosunga. Ameneyo aike ndalama yokwana excess padera, asaikhudze.

Musaleke kuunikanso chaka chilichonse pokonzanso polise. Zipangizo za galimoto zambiri zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inakwera kwambiri. Excess ya peresenti imakwera limodzi ndi mitengoyo. Onaninso mtengo wa galimoto umene unalembedwa mu polise: ukakhala wotsika kuposa mtengo wake weniweni pamsika, kampani ikhoza kulipira gawo chabe la zokonzera, kenaka n'kuchotsaponso excess.