Momwe mungayendetsere lesitilanti ya pa foni mu Cooking Fever osatulutsa ndalama m'thumba

Kuno ku Mangochi dzuwa likafika paliwombo mu Okutobala, ambiri timathawira pakhonde foni ili m'manja. Amene mukufuna gemu yoti ikutanganitseni mutu ndi zala, yesani Cooking Fever, imene kampani ya Nordcurrent ya ku Lithuania inatulutsa mu 2014. Ndi ya mtundu umene unatchuka ndi Diner Dash mu 2004: amakupatsani malo odyera, anthu amabwera ndi njala, inu muphike, mupereke, mutolere ndalama. Ine ndaisewera nthawi yaitali ndipo ndimaikonda kwambiri.

Choyamba, itsitseni pa Play Store kapena App Store. Ndi yaulere, koma onetsetsani kuti bandulo yanu ya Airtel kapena TNM ndi yokwanira komanso foni ili ndi malo.

Mukatsegula, mudzayambira mu Fast Food Court, momwe mumagulitsa mabaga, mabanzi a soseji ndi zakumwa. Kasitomala akaima pa kauntala, chimene akufuna chimaoneka pachithunzi pambali pake, pamodzi ndi kamzere kosonyeza kupirira kwake. Kamzereko kamatsika pang'onopang'ono. Kakatha, munthuyo amachoka osalipira. Mukamupatsa msanga amawonjezera ndalama pamwamba pa mtengo, ndipo ndalama zapamwambazi ndi zimene zimakuthandizani kupeza nyenyezi zonse 3, zosonyeza kuti mwachita bwino, pa levulo (gawo la gemuyi).

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, musadikire kasitomala kuti muyambe kuphika. Azakhali anga amagulitsa nsima ya chambo pafupi ndi depoti ya minibasi pa boma. Ikamakwana 11 koloko nsomba zimakhala zapsa kale, mbale zatsukidwa n'kuvundikiridwa pa thandala, madzi osamba m'manja ali m'beseni. Minibasi yochokera ku Monkey Bay ikatsitsa anthu, iwo amangopakula. Chitani chimodzimodzi. Levulo ikangoyamba, ikani nyama ndi soseji pamoto, yalani mabanzi m'mbale zonse, makapu akhale odzaza. Koma diso lisachoke pachiwaya. Nyama ikapsa ichotseni nthawi yomweyo, chifukwa ikapserera mudzaitaya mu bini, anthu ali chiimire akukuyang'anani. Baga yosiyeni yopanda zothira mpaka muone zimene munthu wapempha. Mukathira tomato pamene iye sanafune, sailandira.

Pali kanjira kamene kanandipulumutsa kambirimbiri. Kasitomala akalipira, makobiri ake amatsala pa kauntala, ndipo malo amenewo safikapo munthu wina mpaka muwatole. Ndiye zikakuchulukirani, asiyeni kaye makobiriwo, mumalize kuthandiza amene aima kale, mudzazenso chiwaya, kenako tolani.

Chachitatu ndi kagwiritsidwe ntchito ka zimene mwapeza. Gemuyi ili ndi ndalama za mitundu iwiri: makobiri, amene amabwera ndi malonda, ndi madayamondi, amene ndi osowa. Yambani ndi khitchini. Wonjezerani ziwaya ndi mbale, konzani makina a zakumwa kuti azidzaza msanga, kenako kwezani mlingo wa zinthu zophika monga nyama ndi mabanzi chifukwa mtengo wa chakudya umakwera nazo. Zokongoletsa malo, monga mipando ndi wailesi yakanema, zimathandiza kuti anthu apirire nthawi yaitali, koma zibwere pambuyo. Munthu wokhala pampando wabwino amachokabe ngati chakudya sichikutuluka.

Madayamondi muwasunge ngati mbewu ya chaka chamawa, pakuti ndi amene amatsegula malesitilanti ena monga Bakery ndi Pizzeria. Mumawapeza mukakwera mlingo wa luso lanu komanso mukamatsegula gemu tsiku lililonse osadumphitsa. Makobiri akachepa, bwererani ku malevulo amene munawina kale, muwaseweretsenso, amalipirabe.

Gemuyi idzakuonetsani kawirikawiri mwayi wogula madayamondi ndi ndalama zenizeni. Pamenepa ndikukupemphani ndithu, musafulumire. Ndalama imene mungatayire pamenepo ndi ya ndiwo za masiku angapo, pomwe kudikira sabata imodzi kukhoza kukupatsani zomwezo. Mulinso kasino yotchovera makobiri kuti mwina mupate madayamondi. Ngati foni imagwiridwanso ndi ana, akhalireni pansi muwafotokozere kuti imeneyo ndi juga. Lowaninso mu Play Store, pa makonzedwe a zolipira, mutchere kuti chilichonse chogula chizifunsa pasiwedi.

Chomaliza, foni imatentha mukasewera nthawi yaitali, makamaka ndi kutentha kwathu kwa kunyanja kuno. Musasewere ili pa chaja, chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo ikayamba kuotcha m'manja ivuleni kava, muiike pamthunzi kwa mphindi zingapo musanalowe levulo ina.