Mmene mungayendere ndi agogo amene anali asilikali

Ngati agogo anu anali ku KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda a ku Britain), musayambe ndi ulendo ayi, yambani ndi kucheza. Khalani nawo pakhonde tiyi ali pambali, muwapemphe atulutse mamendulo ndi zithunzi zija amasunga m'sutukesi, foni ikhale ikujambula mawu koma muwauze kaye. Funso loti "agogo munaphako munthu?" lisiyeni ndithu, afunseni za chakudya, nyimbo zapaperete, anzawo, zinazo azinena okha akafuna.

Ku Burma kapena ku Ethiopia komwe ambiri anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi kutali, thumba silingalole, koma ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi. Dzina loti Moyale Barracks, kampu ya asilikali ya mu Mzuzu muno, likuchokera ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali athu anamenyana ndi Mataliyana mu 1940, ndiye yambirani pompo kukamba nkhani. Kenako Karonga, komwe KAR inabweza Majeremani mu September 1914, manda a asilikali alipo mpaka lero ndipo museum ili pafupi.

Nyamukani m'mamawa, pezani galimoto yoti muziima pomwe mwafuna osati minibasi yothithikana, chifukwa makhona a ku Chiweta amatopetsa munthu wamkulu ndipo ku Karonga kumatentha koopsa. Madzi, chipewa, mankhwala awo, kampando kopinda, zonsezi zisatsale.

Mukafika pamandapo musawathamangitse ndi zithunzi. Akangoti zii asiyeni, akalira agwireni dzanja basi. Mayina a anzawo amene atchule muwalembe tsiku lomwelo, mutumizenso kwa abale pa WhatsApp.