Mmene Likoma ndi Chizumulu zingayendetsere katemera ndi maulendo a panyanja pa nthawi ya mliri

Chilumba chili ndi mwayi umene maboma a kumtunda alibe, chifukwa munthu aliyense wolowa amadzera pa madzi kapena pa ndege, ndipo n'zotheka kumuona ndi kumulemba. Komabe njira imene matenda amalowera ndi yomweyonso imene chimanga, mankhwala, mafuta ndi katemera zimadzera. Ku Likoma ndi Chizumulu, zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 14,500, nkhaniyi ndi yofunika kuikonzekera mliri wina usanafike. Malangizo awa ndi a khonsolo, azaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti kuchepetsa maulendo kumangochedwetsa matenda, choncho masiku amene apezeka chifukwa cha kuchedwako ayenera kuthera pa ntchito yobaya anthu katemera.

Chigamulo chochepetsa maulendo chipangidwe msanga, matenda akadali kutsidya. Pa 7 November 1918 sitima yotchedwa Talune inafika pa doko la Apia ku Western Samoa kuchokera ku Auckland itanyamula anthu odwala chimfine choopsa cha chaka chimenecho, ndipo akuluakulu anawalola kutsika. M'miyezi yochepa anthu pafupifupi 8,500 anamwalira, kutanthauza munthu mmodzi mwa asanu alionse. Pa zilumba zoyandikana nazo za American Samoa, bwanamkubwa John Martin Poyer analetsa zombo kutsitsa anthu, ndipo palibe amene anafa ndi chimfinecho. Choncho khonsolo igwirizane pasadakhale za chizindikiro chimene chidzachititse kuti malamulo ayambe kugwira ntchito, monga kupezeka kwa odwala ku Nkhata Bay, Nkhotakota kapena Monkey Bay, kumene sitima ya Ilala imaima, kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale misonkhano ya sabata yathunthu.

Kuchepetsa maulendo sikutanthauza kuimitsa sitima. Nthaka ya Likoma ndi yochepa ndiponso ya miyala ndi mchenga, ndipo chakudya chochuluka chimachokera kunja kwa chilumbachi, pamene usipa umene anthu amapezera ndalama umagulitsidwa kumtunda. Chofunika ndi kusiyanitsa katundu ndi anthu. Katundu apitirize kubwera, atsitsidwe ndi gulu limodzi lodziwika la onyamula amene abayidwa katemera ndipo amayezedwa pafupipafupi, ogwira ntchito m'sitima asatsike kukacheza pa msika. Dziko la Tonga linayesa njira imeneyi mu January 2022 phiri la pansi pa nyanja litaphulika, pamene linkalandira thandizo popanda kukhudzana ndi olibweretsa, koma COVID-19 inapezekabe mwa ogwira ntchito pa doko kumayambiriro kwa February. Izi zikuonetsa kuti onyamula katundu ndiwo oyenera kuyang'aniridwa kwambiri. Njira ya odwala amene chipatala cha St Peter's cha pa Likoma chawatumiza ku Nkhata Bay kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu isatsekedwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo amayi oyembekezera amene ali ndi zovuta asayembekezere chilolezo cha munthu wina woposa dokotala. Lamulo lililonse libwere pamodzi ndi yankho la chimene anthu adzadya, pokumbukira kuti mu April 2020 khoti lalikulu la Malawi linaimitsa dongosolo la boma lakuti anthu akhale m'nyumba masiku 21, pambuyo pa madandaulo akuti panalibe chikonzero chothandizira osauka.

Gawo lovuta ndi la mabwato ndi maboti ang'onoang'ono. Cobue, tauni ya pa gombe la Mozambique, ali pafupi kwambiri ndi Likoma kuposa mmene Nkhata Bay alili, anthu a mbali ziwirizi ndi apachibale, amakwatirana, amagulitsana nkhuni ndi chakudya, ndipo ambiri a kutsidya amadalira chipatala cha pa Likoma. Lamulo loletseratu maulendo amenewa lingangochititsa kuti anthu azikocheza usiku pa magombe obisika, kumene palibe amene angawaone. Ndi bwino kusankha madoko awiri kapena atatu okocheza masana, kupereka kaundula kwa makomiti a asodzi a pa gombe ndi mafumu kuti azilemba dzina, kumene munthu wachokera ndi nyumba imene akagone, ndi kukambirana ndi azaumoyo a ku Mozambique kuti mbali zonse ziwiri zizidziwitsana za odwala. Wobwera kudzafuna chithandizo asabwezedwe, koma aonedwe pa malo apadera kunja kwa wodi.

Malo a mbindikiro akonzedwe anthu asanafike, akhale ndi madzi, zimbudzi, chakudya ndi zipinda zosiyana za amuna ndi akazi. Kutalika kwa mbindikiro kutsatire nthawi imene matendawo amatenga kuti aonekere, monga masiku 14 amene ankagwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa COVID-19. Munthu wosungidwa ndi njala amathawa.

Kunena za katemera, ntchito imayamba ndi kuwerenga anthu. Alangizi a zaumoyo ayende mudzi ndi mudzi kulemba okalamba, odwala shuga, odwala matenda othamanga magazi, amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, ogwira ntchito m'chipatala, aphunzitsi, ogwira ntchito pa doko ndi asodzi obwera amene sanalembedwe pa kalembera. Katemera akachepa, ayambe azaumoyo, okalamba ndi odwala matenda okhalitsa, kenako onse ogwira ntchito yokumana ndi alendo pa doko. Koma maganizo anga ndi akuti boma laling'ono ngati la Likoma lili ndi chifukwa chomveka chopemphera katemera wokwanira akuluakulu onse pa ulendo umodzi, chifukwa chiwerengero chake n'chochepa poyerekeza ndi dziko lonse, ulendo uliwonse wa panyanja ndi wokwera mtengo, ndipo wodwala mwakayakaya sangafike msanga kumene kuli chithandizo chachikulu. Gawo la Chizumulu liikidwe padera kuchokera kumtunda komweko, kuti lisadalire zimene zatsala ku Likoma.

Katemera wambiri amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kuzizira kopyola muyeso kumamuwononga monga mmene kutentha kumachitira. Choncho mapaketi a ayezi otuluka mufuriji aziyamba asiyidwa kufikira madzi atayamba kugwedezeka m'kati mwake asanaikidwe m'bokosi limodzi ndi timabotolo. Bokosilo likhale ndi chida choyezera kuzizira, liyende ndi munthu mmodzi amene ali ndi udindo pa ilo kuchokera ku Nkhata Bay kufikira litalowa mufuriji ya chipatala, ndipo m'sitima likhale pa mthunzi, kutali ndi injini. Furiji ya dzuwa ndiyo yodalirika pa chilumba, ndipo kuzizira kwake kulembedwe m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Pokonza masiku, kumbukirani mphepo ya mwera imene imavuta m'miyezi yozizira, komanso kuti Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, nthawi zina imaima kuti ikonzedwe. Boti lina kapena ndege yotera pa bwalo la Likoma ikhale itakambidwa kale.

Musalandire katemera musanaone tsiku limene adzathe mphamvu. Mu May 2021 dziko lino linatentha katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca wokwana 19,610, amene anafika kumapeto kwa March atatsala ndi masabata osakwana atatu. Ngati zimenezi zinachitika kumtunda kumene kuli misewu, pa chilumba chiopsezo n'chachikulu, ndipo mkulu wa zaumoyo ali ndi ufulu wopempha katemera amene ali ndi masiku ambiri. Kabotolo kamodzi ka AstraZeneca kankakwanira anthu 10 ndipo kakatsegulidwa kankayenera kutha m'maola 6, choncho anthu aziitanidwa m'magulu olingana ndi kabotolo, ndipo pakhale maina ena a anthu a pafupi oti aitanidwe ngati ena sanabwere.

Asodzi afunika dongosolo lawolawo, chifukwa amagwira ntchito usiku, amagona masana ndipo amasamuka kutsatira nsomba. Obaya katemera apite pa gombe m'mawa pamene mabwato akukocheza, kapena masiku a mwezi wowala pamene usodzi wa nyali umachepa. Katemera wobaya kamodzi, monga wa Johnson & Johnson amene anafika m'dziko muno mu 2021, asungidwire iwowa ngati alipo. Pa nyanja ya Chilwa mu 2016, asodzi okhala pa zimbowera, timisasa toyandama pa madzi, anapatsidwa mlingo wachiwiri wa katemera wakumwa wa kolera kuti akamwe okha pa tsiku lake. Katemera wobaya sangaperekedwe motero, koma nzeru yotsata moyo wa msodzi m'malo momudikira ku chipatala ndi yomweyo.

Pa chilumba pamene aliyense amadziwana, mphekesera imafika nyumba zonse tsiku limodzi. Ku Samoa mu 2018 makanda awiri anamwalira anamwino atasakaniza katemera wa chikuku ndi mankhwala olakwika, makolo ambiri anasiya kubayitsa ana, ndipo mu 2019 chikuku chinapha anthu 83, ambiri mwa iwo ana aang'ono. Boma linatseka maofesi ake pa 5 ndi 6 December, mabanja osabayidwa anapachika nsalu zofiira pa makomo awo, ndipo magulu a azaumoyo anayenda khomo ndi khomo. Pofuna kupewa zoterezi, obaya aphunzitsidwe bwino kasakanizidwe ka katemera, wobayidwa adikire mphindi zosachepera 15 asanachoke, anthu auzidwe poyera kuti kupweteka kwa mkono ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwachizolowezi, ndipo vuto lililonse lalikulu lifufuzidwe ndi kulengezedwa mwachilungamo. Mafumu, ansembe ndi mashehe abayidwe poyera pa tsiku loyamba.

Potsegula maulendo, muyeso ukhale kuchuluka kwa okalamba ndi odwala matenda okhalitsa amene amaliza katemera, ndipo padutse masabata awiri kuchokera pa mlingo womaliza kuti chitetezo chikhwime. Seychelles, dziko la zilumba, inayamba kubaya katemera wa COVID-19 mu January 2021, inatsegulira alendo pa 25 March, ndipo mu May odwala anachuluka mpaka sukulu zinatsekedwanso, ngakhale kuti ambiri ogonekedwa mwakayakaya anali osamaliza katemera. Choncho ayambe kubwerera ndi eni chilumba, ana a sukulu ndi ogwira ntchito za boma, amalonda atsatire, alendo odzaona malo abwere pomaliza, ndipo pakati pa gulu lililonse padutse masabata awiri kapena atatu khonsolo ikuyang'ana chiwerengero cha ogonekedwa m'chipatala ndi mpweya wothandizira kupuma umene watsala.