Momwe mungathandizire wodwala kuyambanso kumeza atachitidwa opaleshoni ya khansa ya pakhosi

Pa opaleshoni ya loboti, imene madokotala amaitcha TORS, chotupa cha pakhosi amachichotsa kudzera mkamwa osang'amba nsagwada. Bala likakhala lalikulu, amatenga mnofu pamkono kapena pantchafu n'kuuika pamalopo. Wodwala akabwerako kunja, monga ku India, n'kufika kuno ku Mzuzu, ntchito imagwera inu a pakhomo.

Choyamba, chubu chodyera cha m'mphuno chisakuchititseni manyazi alendo akabwera kudzazonda. Wonena kuti chichoke ndi dokotala, ataona kuti chakudya sichikulowera kumapapo.

Akalola kudya, yambani ndi phala losalala, la Likuni kapena lothira nsinjiro, theka la supuni yaing'ono. Wodwala akhale tsonga, ameze kawiri asanalandire ina, ndipo musamulankhulitse. Laweni kaye phalalo inuyo. Mnofu woikidwawo sumva kutentha, choncho munthu angapse osadziwa, makamaka m'kuzizira kwa Juni kuno pamene aliyense amafuna chamoto. Akatha, asagone mpaka padutse mphindi 30.

Ambiri amadabwa kuti madzi ndiwo amatsamwitsa kuposa phala. Madziwo amathamanga mmero usanakonzeke. N'chifukwa chake zakumwa zolimbirako monga chambiko zimayenda bwino, ndipo thobwa lisefedwe kaye.

Phala likamadutsa bwino, onjezerani mapeyala, nthochi zakupsa, mbatata yophwanya ndi mazira ofewa. Nsima ibwere pambuyo, yofewa, ya msuzi wambiri. Kondowole ndikudziwa timamukonda, koma amamata, adikire. Usipa ndi nsomba zaminga, ayi.

Tsiku lililonse azichita zolimbitsa lilime ndi nsagwada zimene anaphunzitsidwa kuchipatala, ngakhale pamene akudyera m'chubu, pakuti mmero wongokhala umauma. Mkamwa muzitsukidwa akangotha kudya. Fodya ndi kachasu zitheretu.

Muyezeni pasikelo mlungu uliwonse n'kulemba. Ngati akupita kukawotcha khansa ndi makina, malovu amachepa ndipo kumeza kungabwerere m'mbuyo. Dokotala auzidwe msanga.

Mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi akatha kumeza, akamatsokomola pa chakudya chilichonse, kapena thupi likatentha, siyani kumudyetsa mupite naye ku Mzuzu Central Hospital, chingakhale chibayo. Akalavula magazi, ngakhale ochepa, nyamukani pompo, usiku kapena usana, makalata ake a opaleshoni ali m'manja.