Momwe mungasinthire marolamento a torno osaononga shafiti

Amisiri anzanga a ku Ulongue, Zobue, Moatize mpaka mu tauni ya Tete, torno, makina osemera zitsulo aja, ikayamba kulira mokhotcholera ndipo shafiti ya chigayo yomwe mwasema ikutuluka ndi timizere ngati mafunde, musalimbane ndi kunola mpeni, nthawi zambiri vuto ndi marolamento, omwe anzathu kutsidya ku Malawi amati mabering'i.

Yesani kaye musanamasule kanthu. Zimitsani magetsi ndithu, mangani chitsulo chowongoka mu busha, chogwirira chitsulo chosemedwa chija, ikani relojo komparadoro, kachipangizo ka singano koyezera kugwedera, pamphuno pa shafiti yaikulu ya torno yomwe imazunguza busha, kenako kokerani chitsulocho mmwamba ndi pansi. Singano ikamayenda kupitirira 0.02 mm ndiye kuti pali pokonza. Nthawi zina kungomanga pang'ono nati yakumbuyo basi zatha. Koma mukapukusa ndi dzanja nkumamva ngati mkati muli mchenga, rolamentoyo yapita.

Chotsani busha, lamba ndi magiya akumbuyo, ndipo chilichonse chijambuleni ndi foni musanachichotse, mawasha ndi masipesa (timphete tolekanitsa zitsulo) muziyala pansalu motsatana momwe akutulukira chifukwa mawa lake mutu sudzakumbuka ayi. Fufuzani timasikuluwu tobisika tomwe timagwira giya kapena pule, tamasuleni tonse. Pa matorno ambiri shafiti imatulukira kutsogolo, mbali ya busha. Ikani thabwa kumbuyo muzimenya pang'onopang'ono, hamala yachitsulo isakhudze mazinga.

Pogula tengani nambala yolembedwa pa rolamento yakaleyo. Manambala awiri omaliza, akakhala 04 kapena kupitirira apo, mukawachulukitsa ka 5 mupeza kukula kwa bowo, ndiye 6206 bowo lake ndi 30 mm. Timatorno tating'ono ta ku China tambiri timabwera ndi 6206 ndipo ena amasintha nkuika 30206 ya koni yomwe imapirira bwino, koma dziwani kuti iyi ndi yokhuthala 17.25 mm pomwe inayo ndi 16 mm, sipesa iyenera kusemedwa. Zotchipa zisiyeni abale. Ine ndinagulapo pamsika ina ya bokosi lokongola, mtengo theka, sinathe miyezi iwiri ndipo ntchito ya kasitomala ndinabweza ndalama. Sinthani zonse ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo.

Apa ndi pomwe ambiri timaonongera. Tsukani shafiti ndi pokhala rolamento ndi parafini, pukutani ndi nsalu yosathothoka, pitani ndi chala paliponse kuti mumve ngati pali kachiphuphu kachitsulo. Rolamento yatsopano musaitulutse mupepala lake mpaka nthawi yolowetsa. Itenthetseni mu oyilo woyera mpaka madigiri 80 kapena 100, osapitirira 120, ndipo moto wa gasi wowotcherera usayandikire. Ikatentha imalowa mosavuta. Ikakakamira, pezani paipi yomwe ikugunda mphete yamkati yokha ndi kumenya paipiyo. Mukamenya mphete yakunja mphamvu imadutsa mu timipira nkusiya timaenje tosaoneka ndi maso, rolamento yafa isanagwire ntchito olo tsiku limodzi. Mphete yakunja ya koni ija mutha kuiika mufiriji kaye kuti ifinyike pang'ono.

Masa, kapena kuti girisi, musadzaze thoo. Gawo limodzi mwa magawo atatu a malo amkati ndi lokwanira, wambiri amangotenthetsa. Ngati mutu wa torno yanu umayendera oyilo, thirani oyilo mpaka pamzere wa kagalasi, girisi ayi.

Pomanga nati pitani pang'onopang'ono, muzipukusa ndi dzanja ndi kuona relojo mpaka kugwedera kuthe koma shafiti ikuzungulirabe mofewa. Lizani torno mphindi 20, kuyamba ndi sipidi yotsika kenako kukweza, ndiye gwirani mutuwo. Kufunda kuli bwino, koma ngati dzanja silikupirira bwezani nati pang'ono. Ku tauni ya Tete mu Okutobala ndi Novembala kumatha kutentha kupitirira madigiri 40, ndiye yesani mmawa chitsulo chisanatenthe ndi dzuwa, apo ayi mudzanamizidwa.

A ku Moatize, fumbi la malasha lija likasakanikirana ndi masa limadya chitsulo ngati sandipepa. Poweruka phimbani torno ndi lona, ndipo zinyenyeswa muzichotsa ndi bulashi, mphepo ya kompresa imangozikankhira mkati mwa marolamento.