Momwe mungakaonere mbalame zochokera ku Siberia ku Langebaan

Amene muli ku Cape Town, tsiku la ofu musamangogona kapena kuzungulira ku mall. Kuzizira kukangotha, cha mu Seputembala ndi Okutobala, ku Langebaan kumatera timbalame tomwe timaswana kumtunda kwa Russia uko, ku Siberia, nkuuluka mpaka kudzafika kuno kudzadya tinyongolotsi ndi tinkhono ta m'matope. Timakhala mpaka cha mu Epulo kenako nkubwerera. Tina mwa mitundu yomweyi timapezekanso ku Chilwa kwathu, kungoti kumudzi mbalame timaiona ngati ndiwo basi.

Choyamba onani za madzi, musanaganize nkomwe za thiransipoti. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Nyanja ya mchere imadzaza nkuphwera kawiri patsiku, ndiye mukafika madzi ataphwereratu mbalame zimakhala kutali kwambiri mumangoona timadontho, mukafikanso atadzaziratu matope onse amakhala amira mbalame zathawira kwina. Nthawi yabwino ndi pamene madzi akubwera pang'onopang'ono kumazikankhira kufupi ndi inu, kapena akangoyamba kuphwera. Sakani tide (nthawi yodzaza ndi kuphwera kwa madzi) ya Langebaan pa foni dzulo lake, koma dziwani kuti mkati mwa lagoon, dziwe lalikulu la madzi a m'nyanja lolowera kumtunda komwe mbalamezi zimatera, madzi amachedwerapo poyerekeza ndi kunyanja kwenikweni, ndiye fikani msanga mudikire, bola kudikira kusiyana ndi kupeza zatha.

Kenako ulendo. Mutenge msewu wa R27, ndi makilomita pafupifupi 120 kuchokera mtauni kukafika ku West Coast National Park, komwe kuli lagoon ija. Sonkheranani ya petulo anthu anayi, mkati mwa paki simungayende wapansi malo onse, ndi patali. Pasipoti musaiwale chifukwa pageti a maiko a SADC amalipira motsikirapo kusiyana ndi azungu ochokera kunja. Mumsewu wa mkati yendetsani pang'onopang'ono, akamba amawoloka mwachifatse ngati msewu ndi wa agogo awo.

Zonyamula sizambiri: mabayinokula, ngakhale obwereka, chipewa, madzi akumwa ndi juzi. Juziyo ndikunenetsa, mphepo ya kumeneko siyiona kuti dzuwa lawala.

Mukalowa lunjikani ku Geelbek. Kuli tinyumba tamatabwa tobisaliramo, mumayenda pa kamlatho kodutsa m'mabango nkukakhala pa benchi, kutsegula kawindo. Foni pa silent, kuyankhula monong'ona, dzanja osatulutsa pawindo poloza. Mbalamezi zauluka mtunda woopsa ndipo nthawi iliyonse mukazidzidzimutsa zimawononga mphamvu zomwe zikufunika kubwezeretsa. Madzi akadzaza pitani ku Seeberg, mbali ya kufupi ndi tauni ya Langebaan, kumeneko zimakonda kusonkhana nthawi imeneyo.

Tsopano kuzisiyanitsa, apa mutu umazungulira ndithu chifukwa zonse zimaoneka zotuwa. Musayambe ndi mtundu wa nthenga, yambani ndi mlomo. Yaikulu ya mlomo wautali wopindikira pansi ngati chikwakwa, imeneyo ndi whimbrel. Ya mlomo wautali wokwezekera m'mwamba pang'ono ndi bar-tailed godwit. Tating'ono tambirimbiri ta mlomo wopindika pang'ono ndi curlew sandpiper, tikauluka mumaona poyera pamwamba pa mchira. Kochepetsetsa ngati mpheta, kojompha mofulumira osapuma, ndi little stint, ndipo ine kameneka ndi komwe kamandizunguza mutu kuti kanafika bwanji kuno. Grey plover imathamanga, kuima, kujompha, ikauluka kukhwapa kwake nkwakuda. Ya miyendo ya olenji yogudubuza timiyala ndi turnstone.

Tsiku loyamba mukadziwa zitatu zokha zakwana. Jambulani kudzera pa diso la mabayinokula ndi foni, zithunzi zimatuluka zosaoneka bwino koma app ya Merlin imathandiza kuzindikira. Mudzabwerenso mu Malichi, nthawi imeneyo ma curlew sandpiper aja amakhala atanenepa ndipo ayamba kufiira ngati njerwa, kukonzekera ulendo wobwerera.